Kodi Mlonda wa Thambo Lathu Ndani?

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja, kuno kwa Mwadzama, tili anthu openya kumwamba koposa anzathu a kumtunda. Sititero chifukwa cha nzeru zopambana ayi, koma chifukwa cha ntchito yathu. Mlimi wa ku Ntchisi akaweruka kumunda adya nsima, nalowa m'nyumba, natseka chitseko kufikira tambala. Koma kwa msodzi wa usipa imeneyo ndiyo nthawi yokankhira bwato m'madzi, ndipo usiku wonse akhala pakati pa nyanja wopanda denga lina koma thambo lokha. Iye adziwa potulukira Nthanda, adziwa nyengo imene Nsangwe zioneka, asiyanitsa mtambo wodza ndi mwera ndi mtambo wongopitirira. Chifukwa chake, pakumva kuti asilikali a maiko ena ali kuvutika mtima ndi zinthu zimene aziona m'mlengalenga osazizindikira, tayesa kuti mlandu umenewu utikhudza ifenso, ndipo tapempha malo pang'ono m'nyuzi ino kuti tikambirane ndi abale athu owerenga.

Zimene asilikali adaona

Tiyambe ndi za kutali, koma tizifupikitse. Ku America, kuyambira chaka cha 1947 kufikira 1969, ankhondo a m'mlengalenga adalemba m'kaundula wawo mbiri 12,618 za anthu onena kuti aona chinthu chachilendo kuthambo. Atazifufuza, zochuluka zidapezeka kuti zinali nyenyezi, mitambo, zibaluni ndi ndege wamba. Zotsala zosamasulika zinali 701. M'chaka cha 2021 Boma lomwelo lidaulula kuti mwa mbiri 144 zochokera kwa antchito ake, makamaka oyendetsa ndege za nkhondo, lidatha kumasulira imodzi yokha, ndiyo chibaluni chimene chinali kuphwa. Pamenepo adakhazika ofesi yakeyake m'chaka cha 2022, ndipo ofesiyo idanena m'chaka cha 2024 kuti sidapeze umboni uliwonse wakuti zinthuzo zichokera kunja kwa dziko lapansi.

Koma zotere zidachitikanso pafupi ndi ife, m'dziko limene makolo athu ambiri adapitako kukagwira ntchito. Pa 22 July 1985, chakumadzulo, anthu ambiri a ku Bulawayo ndi a m'matauni ena a chigawo chimenecho cha Zimbabwe adaona chinthu chowala kwambiri chili m'mwamba, ndipo ogwira ntchito pa nsanja ya bwalo la ndege adachionanso. Asilikali adatumiza ndege ziwiri za nkhondo za mtundu wa Hawk kuchokera ku bwalo lawo la Thornhill, ku Gweru, kuti zikachiyandikire. Oyendetsawo adachipenya ndi maso awo, koma adabwerako nanena kuti chidakwera kumene ndege zawo sizikadatha kufikako. Mkulu wa ankhondo a m'mlengalenga wa masiku amenewo, Azim Daudpota, sadabise mawu: adavomera poyera kuti chinthucho chidaonekadi, kuti ochiona anali ambiri, ndi kuti sichinali chinthu wamba.

Nanga chidawautsa asilikaliwo n'chiyani, kuti atenthe mafuta kuthamangira kuwala kwa m'mwamba? Tikumbukire masiku amenewo. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu July 1982, adani adalowa usiku pa bwalo lomwelo la Thornhill naononga ndege zambiri zili chiimire. Ndipo ku Zambia, pa 19 October 1978, ndege za nkhondo za Rhodesia zidadza kudzaponya mabomba pa msasa wa ankhondo a Joshua Nkomo ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka. Ndipo zili mkati moponya, a Rhodesia adalankhula pa wailesi ndi a pa nsanja ya bwalo la Lusaka, kuwachenjeza kuti ndege za asilikali a Zambia zisanyamuke, kuti zikanyamuka ziwomberedwa. Taonani, eni dziko adasanduka alendo pansi pa thambo lawo lomwe, ndipo anthu ambiri adafa tsikulo. Maiko adapangana kale ku Chicago, m'chaka cha 1944, kuti mlengalenga wa pamwamba pa dziko lililonse uli wa dzikolo. Koma pangano lolembedwa silitsekereza ndege. Chomwecho msilikali akaona chosadziwika, funso lake loyamba silikhala la anthu a ku nyenyezi. Iye afunsa kuti, Chinthu ichi n'cha yani, ndipo chifuna chiyani pamwamba pa midzi yathu? Funso limeneli ndi labwino, ndipo liyenera kukhala lathunso.

Chosadziwika lero chidziwika mawa

Mawu akuti chosadziwika sanena za chinthucho, koma za munthu wochipenya. Ife a kunyanja tili nacho chitsanzo chake. M'chaka cha 1861 David Livingstone, poyenda m'bwato pa nyanja ino, adaona ngati utsi wambiri wotuluka patsidya, nayesa kuti tchire lili kupsa. Koma atalowa m'kati mwa mtambowo adapeza kuti ndi tizilombo touluka. Mwana aliyense wa pa gombe akadamuuza kuti zimenezo ndi nkhungu, zimene amayi azikola ndi lichero naziumba kukhala ndiwo. Chimene chidazunguza Mzungu wophunzira chinali chakudya cha mwini dziko. Momwemonso agogo athu adadabwa ndi ndege zotera pamadzi, zimene zidaima ku Cape Maclear m'zaka za 1949 ndi 1950. Koma sipadapite nthawi, zidasanduka nkhani wamba.

Madzulo a pa 14 September 1994 anthu ambirimbiri a ku Zimbabwe, Zambia, Botswana ndi South Africa adaona moto waukulu ukudutsa kuthambo, wokoka mchira wa zounikira zambiri. Mbiri zidabuka zamitundumitundu, ena nati ndege yagwa, ena nati alendo a ku nyenyezi afika. Pambuyo pake odziwa za m'mlengalenga adaonetsa kuti chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia, imene idakweza setilaiti yotchedwa Cosmos 2290, ndipo chinali kunyeka pobwerera kudziko. Nthawi zina zidutswa zotere zifika pansi ndithu. Pa 30 December 2024 chitsulo chozungulira ngati mkombero, cholemera ngati makilogalamu 500, chidagwa m'mudzi wa Mukuku ku Kenya, ndipo akuluakulu a kumeneko adati chidachokera ku roketi.

Masiku ano thambo ladzala koposa kale. Kuyambira chaka cha 2019 kampani ya ku America yakhala ikuponya kumwamba masetilaiti a Starlink ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo masiku oyamba atangoponyedwa aoneka ngati nyali zondondozana mumzere umodzi, zoyenda mwakachetechete. Ku Kasungu, kwa anansi athu, Boma pamodzi ndi UNICEF adatsegula m'chaka cha 2017 malo oyeserako tindege topanda munthu m'kati, timene atitcha madroni, tonyamula mankhwala ndi zoyeza za chipatala. Tsono siginala wokhala ndi nyali zake pakati pa nyanja aona usiku umodzi zinthu zoyenda kuthambo zambiri kuposa zimene atate ake adaziona chaka chathunthu. Zambiri mwa izo zili ndi eni ake, ndi maina awo, ndi nthawi zawo zodutsira. Zotsala pang'onozo ndizo zifuna maso odekha, pakuti akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maenje awiri

Pa njira imeneyi pali maenje awiri, limodzi ku dzanja lamanja, lina ku dzanja lamanzere, ndipo onse awiri adamezapo anthu.

Dzenje loyamba ndilo kufulumira kutchula dzina. Pakati pathu chinthu chikawala usiku, dzina lofulumira kutuluka pakamwa ndi ndege ya ufiti. Kukacha wina atola lichero lakutha pa mphambano, wina akumbukira mwana amene adadwala sabata latha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu maso onse atembenukira ku khomo la gogo wina wokhala yekha, wopanda mwana wamwamuna womuimira. Chidutswa cha roketi chidanyeka kale kutali m'mwamba, koma nyumba yotenthedwa ndi ya nkhalamba imene sidakwerepo ngakhale njinga. Tisayese kuti izi ndi nthano. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidayenda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu adaphedwa ndi anzawo popanda mlandu woweruzidwa. Mantha opanda funso afuna munthu womugwera, ndipo kawirikawiri agwera wofooka.

Dzenje lachiwiri ndilo kunyoza mboni chifukwa ndi munthu wa kumudzi. Usiku wa pa 17 September 1961, kucha kwa pa 18, ndege yonyamula Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, idagwa m'nkhalango pafupi ndi Ndola, pamene iye anali kudza kudzakambirana za mtendere wa ku Congo ndi Moïse Tshombe. Anthu 16 adataya moyo. Usiku umenewo kunali anthu amene sadagone, ndiwo owotcha makala m'nkhalangomo ndi anthu a m'makomboni oyandikana. Ena a iwo adanena kuti adaona ndege ina yaing'ono pafupi ndi yaikuluyo, ndi moto m'mwamba isanagwe. Koma bwalo lofufuza la Boma la Chitaganya, limene lidali kulamulanso dziko lathu lino, silidawerengere mawu awo, ndipo m'chaka cha 1962 lidagamula kuti olakwa anali oyendetsa ndege. Zidapita zaka zoposa makumi asanu kufikira a United Nations adautsanso mlanduwo m'chaka cha 2015, naupereka m'manja mwa Mohamed Chande Othman, amene adakhalapo mkulu wa oweruza ku Tanzania. Ndipo iye adalemba m'chaka cha 2017 kuti n'kotheka ndithu kuti ndegeyo idachitidwa chiwembu kuchokera kunja. Koma pofika nthawi imeneyo mboni zambiri zinali zitagona kale m'manda. Wowotcha makala sadziwa dzina la ndege, koma adziwa kuwerenga kuti iyi ndi imodzi, izi ndi ziwiri. Akadamumvera tsiku lomwelo, kapena dziko silikadakhala m'chikaiko kufikira lero.

Maenje awiriwa afanana pa chinthu chimodzi. Wotchula ufiti ndi wonyoza mboni, onse awiri atseka mlandu usanafunsidwe.

Thambo lathu lomwe

Tsono tibwere kwathu, ngakhale mawu ake ndi owawa. Pa 10 June 2024, m'mawa, ndege ya asilikali athu ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, itanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Kumpoto kunali mitambo yotsika ndi chifunga, ndipo ndegeyo sidathe kutera. Idasowa tsiku lonse ndi usiku wonse, kufikira idapezeka m'mawa mwake, pa 11 June, m'nkhalango ya Chikangawa, onse atafa. Akatswiri a ku Germany amene adadza kudzafufuza adalemba kuti kachipangizo kamene kayenera kulira ndege ikagwa, kuti ofunafuna aipeze msanga, kanali ndi batire limene nthawi yake idatha m'chaka cha 2004, ndi kuti m'ndegemo munalibe makina osunga mawu a oyendetsa.

Sitikumba maliro amenewa kuti tiutse misozi, kapena kuti tiloze munthu chala. Tingofunsa funso limene lili m'mitima ya ambiri. Ndege imeneyi sinali yosadziwika. Inali yathu, dzina lake ndi njira yake ndi ola lake zidalembedwa, ndipo dziko lonse lidali kuifunafuna. Ngati yathu yomwe idatisowa usiku wathunthu, nanga ya mlendo wosalonjera, youluka chapansipansi pamwamba pa madzi nyali zitazimitsidwa, tidzaidziwa bwanji? Makina aja otchedwa radar, oonera ndege zili kutali, apenya bwino chokwera m'mwamba, koma choyenda m'munsi kuseri kwa mapiri chiwazemba. Ndipo nyanja yathu ino igundana ndi maiko atatu. Tikaima pa gombe kukacha bwino tiona mapiri a ku Mozambique patsidya, ndipo kumpoto kuli Tanzania. Chinthu chouluka chingathe kuoloka kuchokera tsidya lija kufika kuno msodzi asanamalize kukoka chilimira.

Chifukwa chake tinena kuti kulonda thambo ndi ntchito ya anthu awiri. Boma liyenera kukhala ndi zida zamoyo, zoyesedwa pa nthawi yake, ndi kumvana ndi maiko oyandikana nalo kuti wina akaona chachilendo adziwitse mnzake msanga. Koma kumene zida sizifika kuli maso a anthu, ndipo kuyambira ku Chia kufikira ku Benga palibe usiku wabata umene nyanja ikhala yopanda maso. Mutu umodzi susenza denga, nanji denga lalikulu lotere.

Umboni woyenera

Koma maso okha sakwanira ngati mwini wake sadziwa kufotokoza. Munthu wonena kuti ndaona chinthu choopsa sanathandize aliyense. Wothandiza ndi iye wonena zimene zingayesedwe. Tikupemphani tsono, abale athu asodzi, alonda a usiku, ndi amayi olawirira kudoko kukagula nsomba, mukaona chachilendo kuthambo musunge zinthu izi.

Choyamba, nthawi. Ambiri a ife tili ndi lamya ya m'manja. Yang'anani ola ndi mphindi, pakuti odziwa njira za masetilaiti ndi ndege angathe kupeza chinthu ndi ola lake lokha. Chachiwiri, mbali. Nenani monga tinenera mphepo: chidachokera kumwera kodi, kapena kuvuma, ndipo chidalowera kumpoto kapena kuzambwe? Chachitatu, ukulu wake. Musanene kuti chinali ngati nyumba, pakuti usiku palibe wodziwa kutalika kwa chinthu. Tambasulani dzanja, muone ngati chala chimodzi chichiphimba, monga chiphimbira mwezi. Chachinayi, maonekedwe ndi mawu. Ndege ya anthu ili ndi nyali yofiira ku phiko lamanzere, yobiriwira ku phiko lamanja, ndi yoyera yothwanima. Setilaiti iyenda phee mumzere woongoka, yopanda mawu, ndipo ioneka makamaka kutangoda kapena m'bandakucha, chifukwa kuwala kwake ndi kwa dzuwa. Nyenyezi yothothoka itha m'kuphethira kwa diso, koma chidutswa cha roketi chiyenda pang'onopang'ono, chikusweka tizidutswa tambiri totsatana. Nthanda sioneka kuyenda poipenya ndi maso, ngakhale munthu wokhala m'bwato logwedezeka ayesa kuti ivina. Chachisanu, anzanu. Aliyense anene zake payekha musanakambirane, pakuti nkhani ikagona pa bwalo usiku umodzi imera nthambi.

Mukatero pitani nazo kwa a mfumu, ndipo a mfumu atumize mawu ku polisi. Chinthu chikagwa pansi musachikhudze, musachitengere kunyumba kapena kwa wogula zitsulo, pakuti zina zili ndi mafuta apoizoni. Letsani ana, muimike munthu wolondera kufikira eni lamulo afike. Ndipo koposa zonse, pasapezeke wotchula dzina la mnansi wake pa chinthu chimene chidachokera kumwamba.

Kwa akuluakulu a Boma, a polisi, ndi asilikali athu, pempho lathu ndi ili. Munthu wa kumudzi akadza ndi mbiri yotere, musamuseke, ndiponso musamuopseze ngati wapalamula. Lembani mawu ake m'buku, ndi tsiku lake ndi ola lake. Ndipo mukapeza chimene chinali, bwezani yankho kumudzi komweko, kudzera kwa mfumu kapena pa wailesi. Ku America komwe adavomera kuti oyendetsa ndege ambiri adakhala chete zaka zambiri poopa kusekedwa, ndipo mu February 2023, pamene chibaluni chachikulu cha ku China chidadutsa pamwamba pa dziko lawo kufikira adachiwombera, adaona kuti chinthu chooneka chopusa chingathe kukhala ndi mwini ndi cholinga. Munthu amene wasekedwa kamodzi sabweranso kachiwiri, ndipo tsiku limene adzaona choopsa chenicheni adzangokoka ukonde wake nakhala chete. Mudzi umene sulandira yankho udzipangira yankho lake, ndipo taona kale kumene yankho lotere ligwera.

Aphunzitsi a m'sukulu zathu nawonso ali ndi gawo lawo. Mwana wodziwa maina a nyenyezi monga adazitchulira makolo, nadziwanso za masetilaiti monga zalembedwa m'mabuku, sadzathawa kuwala kulikonse, ndiponso sadzanyalanyaza kuwala kumene kuyenera kunenedwa. Safunsa adadya phula. Tiwaphunzitse ana athu kufunsa, ndi kudikira yankho loona ngakhale lichedwe.

Munda wopanda mlonda adya ndi anyani, ndipo thambo la dziko ndi munda womwewo. Mlonda wake ndi msilikali wa pa bwalo la ndege, inde. Koma ndi siginala wa pa nyanja yemwe, ndi mfumu yolandira mbiri, ndi mlembi wa pa polisi wosaseka. Aliyense agwire mbali yake mokhulupirika. Tsalani bwino, abale. Tili anu a kwa Mwadzama.